Amayi ndi Telala M'malere

Uthenga wa chibwenzi chake unalowa pafoni Mzime ali mkati motsuka mano.

"Ndagula tikiti ya parachuti ija. Ndikafa, makina osokera upatse mng'ono wanga, koma sizasi yaikulu ija usunge iweyo."

Mzime anaseka mpaka thovu linadonthera pabulauzi. Anapukuta zala n'kuyankha msangamsanga kuti, "Iwe amene umayamba wapemphera ukafuna kukwera pampando kuti usinthe babu? Kabweze tikitiyo."

"Sindibweza. Adokotala aja amene amayi ako akukufunira akauluke nawe kumwamba, ine nditsale pamchenga ndikukulonderani nsapato? Ayi ndithu."

Kuseka kuja kunathera pomwepo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, foni ili m'manja, akuyang'ana nyanja pawindo. Chapatali, pamwamba pa madzi amchere aja, chiparachuti chofiira chinkayandama m'malere, chitamangidwa ndi chingwe kuboti limene linkachikoka. Pansi pake pankalendewera anthu awiri, ndipo kuchokera kuno ankaoneka ngati zopanira zovala.

Ulendowu anaukonza ndi achemwali ake pofuna kusangalatsa amayi awo, amene anali atangopuma pantchito ya uphunzitsi waukulu. Koma kwa Mzime sunali ulendo wopuma. Chimwalirireni bambo awo, mawu a amayi ndiwo anali otsiriza m'banjamo, ndipo iye, pokhala mwana womaliza amene anakulira pachifuwa pawo, analumbira kuti sadzalowa m'banja iwo atakwinya nkhope. Tsono nkhopeyo inakwinyika tsiku lomwe anamva kuti mwana wawo wagwa m'chikondi ndi telala wa kuseri kwa msika, ndipo inali isanawongoke. Achemwali ndi amene anachonderera mpaka amayi analola kuti mnyamatayo abwere, adzamuone kaye. Telala anakwera basi yekha, n'kupeza kachipinda kotchipa kuseri kwa hotela, kumene fani yake inkalira ngati chigayo. Asananyamuke anamuuza Mzime mosapsatira kuti, "Akandikananso ulendo uno, ndikusiya upeze mtendere. Ndatopa kukuona ukulira pakati pa ine ndi amayi ako."

Mawa lake linali tsiku lobwerera kwawo, koma amayi anali asanamulankhulepo Telala mawu ena kupatula moni.

Ngati kuti zimenezo zinali zochepa, kunatulukiranso dokotala wa mano, mwana wa mnzawo wa amayi, akuti anangobwera kudzapitidwa mphepo ndipo sankadziwa n'komwe kuti iwo ali komweko. Bodzalo linali lopyapyala moti ngakhale woperekera zakudya anamwetulira.

* * *

Patebulo la chakudya cha m'mawa, dokotala anali atafika kale, atavala malaya a maluwamaluwa ndi magalasi akuda pamutu. Anamukokera mpando Mzime, n'kuyala matikiti atatu pambali pa kapu ya tiyi.

"Ine ndi Mzime tiuluka," anatero. "Inu mayi mukhala m'boti muzitijambula."

"Waona?" anatero amayi akupaka batala pabuledi. "Munthu woganizira anzake ndi ameneyu."

Achemwali anatsokomola, n'kunong'oneza Mzime kukhutu kuti, "A Zulamano alowa m'bwalo lero. Ine sindipita nawo, nyanja imandichititsa chizungulire, koma ukandiuze zonse."

"Nayenso mnzanga uja wagula tikiti," anatero Mzime mokweza, maso ali m'kapu.

Mpeni wa amayi unaima. "Uja wa singano?"

"Ndi telala, amayi."

"Ndanena china ngati? Telala amasoka ndi khasu?"

Dokotala anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira, mano ake oyera mbee onse ali pamtunda. Mzime anawaona manowo ndipo anadana nawo onse, limodzi ndi limodzi.

* * *

Telala anawapeza pamchenga, pansi pa mitengo ya kokonati, pamene boti linkadikira. Anali atavala malaya osoka yekha, omukhala bwino zedi, koma milomo yake inali itauma gwa. Anapereka moni kwa amayi atapinda mawondo pang'ono. Iwo anayankha akuyang'ana nyanja.

Woyendetsa boti, amene aliyense pagombepo ankamutchula kuti Kaputeni, anali bambo wakuda bii ndi dzuwa, wa mawu osasa. Anawaveka onse majekete oyandamitsa, n'kuliza injini. Atafika pakati pa madzi anaima, n'kutambasula parachuti kumbuyo kwa boti. Mphepo inaidzaza nthawi yomweyo, ikulira phaphapha.

"Tamverani bwino," anatero. "Mukhala m'malamba awa ngati pakatungwe. Chingwe ndimasula pang'onopang'ono, inu muzikwera. Mukafuna kutsika nthawi isanakwane, mutambasule manja onse awiri, ndikuonani. Kukuwa musavutike nako, kumwambako sitikumvani." Kenako anayang'ana matikiti, n'kumuyeza Telala ndi maso kuchokera kumutu mpaka kuphazi. "Achimwene, inu muli nokha?"

"Eya."

"Ndiye pavuta. Mphepo ya lero ndi yamphamvu, ndipo inu thupi mulibe. Mukapita nokha ikakuseweretsani ngati pepala. Lero munthu wopepuka sauluka yekha. Mupeze wopita naye, apo ayi mutsale."

Nkhope ya Telala inawala ngati ya mwana amene wamva kuti mayeso alephereka. Koma asanatsegule pakamwa, dokotala anati, "Pepani kwambiri, bwanawe. Muzitijambula ndinu ndiye."

Apa m'pamene Mzime anapsa mtima. "Ndipita naye ine," anatero. "Adokotala ali ndi thupi, atha kuuluka okha."

"Ukhala pomwepo," anatero amayi.

"Amayi, munthu wagula tikiti yake..."

"Ndati ukhala pomwepo. Ine ndili moyo, mwana wanga sangakamangidwe lamba limodzi ndi mwamuna amene sindikumudziwa, kumwamba kopanda mboni." Anaika chikwama chawo pampando, n'kuvula nsapato, imodzi kenako inayo. "Ngati vuto ndi kulemera, ine ndilipo. Kaputeni, ndimangeni ineyo."

Kaputeni anawayang'ana amayi, n'kuyang'ana parachuti, kenako anagwedeza mutu mokhutira. "Apa ndiye mphepo yakumana ndi akuluakulu," anatero.

"Amayi, maondo anu aja..." anayamba Mzime.

"Ndikauluka ndi maondo?"

Telala anamuyang'ana Mzime ndi maso a mbuzi yopita kumsika. Iye anafuna kumugwira dzanja, koma amayi anali ataima kale pakati pawo, akulamula mmene lamba ayenera kumangidwira. Posakhalitsa awiriwo anali atakhala phewa ndi phewa kumbuyo kwa boti. Injini inabangula, chingwe chinayamba kumasuka, ndipo mapazi anayi, awiri onenepa ndi awiri owonda, ananyamuka n'kupita kumwamba.

* * *

Mzime anali asanaonepo zinthu ziwiri zimene ankazikonda kwambiri zikuchepa chonchi pamaso pake. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa boti, khosi lili chagada, mtima uli m'mwamba kuposa parachutiyo. Sankaopa kuti agwa. Ankaopa pakamwa pa amayi ake. Pansi pano Telala akanatha kupempha kuti akamwe madzi n'kuthawa, koma kumeneko akanathawira kuti? Mayi amene ankaliza anyamata a ndevu pamzere wa m'mawa kusukulu anali naye yekhayekha, atamumangirira m'mbali mwawo.

Dokotala anasendera pafupi. "Mwina Mulungu wakonza dala kuti tikhale awiri," anatero.

"Tili atatu. Kaputeni ali apo."

"Ine makutu anga anatha ndi injini," anatero Kaputeni osatembenuka.

"Mzime, tisanamizane. Mayi ako amandikonda. Nyumba ndili nayo, galimoto waiona. Mnyamata uja ndi munthu wabwino, sindikukana, koma chikondi chokha sichilipira sukulu ya ana. Udzatopa."

"Adokotala, ndikufunseni. Ine ndimakonda chiyani?"

"Umakonda... zinthu zabwino, ngati mkazi aliyense."

"Chifikireni kuno mwandiuza za nyumba yanu, za galimoto yanu, za makina atsopano oboolera mano. Simunandifunsepo ngakhale kuti ndagona bwanji. Inu mukufunsira amayi anga, osati ine. Ndipo iwo atakhala kuti akufuna banja, bwenzi nkhani itatha kale."

Kaputeni anatsokomola mwamphamvu, mapewa akugwedezeka. Dokotala anatsitsira magalasi akuda aja m'maso, n'kuyamba kuyang'ana mbali ina. Mzime anamva kupepuka m'chifuwa ngati watula mtolo umene anausenza masiku onsewa, koma kupepukako sikunakhalitse, chifukwa atakwezanso maso anaona dzanja limodzi kumwamba kuja likukwera ndi kutsika.

"Kaputeni, akufuna kutsika! Taonani!"

Kaputeni anaphimba maso ndi chikhatho. "Ayi, limenelo ndi dzanja limodzi. Ndinati awiri. Amene aja akuloza munthu chala."

Mzime anakhala pansi. Chala chimenecho ankachidziwa bwino kwambiri. Anayamba kukonza mumtima mawu odzatsanzikana nawo, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake. Anaganiza za kashopu kaja ka kuseri kwa msika, za wailesi yosweka imene Telala ankaimenya kuti ilankhule, za mmene ankamuyezera m'chiuno ndi tepi n'kunamizira kuti waiwala nambala kuti ayezenso. Zonsezo zithere m'malere, iye asakumva ngakhale liwu limodzi?

"Tsopano tiwasambitse mapazi," anatero Kaputeni. "Alendo amazikonda zimenezi."

Anachepetsa liwiro la boti. Parachuti inayamba kutsika pang'onopang'ono mpaka mapazi anayi aja anakhudza madzi n'kuwaza thovu. Apa ndiye mawu anamveka, chifukwa anali pafupi. Wina anakuwa kuti "Mayo ine!" ndi mawu opyapyala, ndipo sanali amayi. Kenako kunamveka chinthu chimene Mzime anali asanachimve chimwalirireni bambo ake: amayi ake akuseka chikhakhali, kuseka kochokera m'mimba, mpaka kutsokomola.

Boti linathamanganso, ndipo awiriwo anabwerera kumwamba, kusekako kukupita nawo.

* * *

Makina atakulunga chingwe chonse, amayi anatera m'boti ndi mapazi awo, tsitsi lili nyankhalala, maso akuwala. Telala anatera ndi mawondo. Kaputeni atamumasula malamba, mnyamatayo anakhalabe chogwada, atakumbatira chitsulo ngati m'bale wake amene anasowa kalekale.

"Mupatseni madzi mwanayu," analamula amayi. Dokotala anatambasula dzanja kuti awathandize kukhala pansi, koma iwo sanaliwone n'komwe. "Iwe Mzime, ukungoyang'ana chiyani? Tenga botolo m'chikwama changa umupatse." Kenako anatembenukira kwa Telala n'kunena kuti, "Nawenso basi. Dzuka, mwananga, wafika. Pansi ndi pano."

Mwananga. Mzime anaima ndi botolo m'manja, osakhulupirira makutu ake. Anayang'ana Telala, ndipo iye, nkhope ili mbuu, anamutsinzinira diso limodzi mofooka.

"Otsatira!" anaitana Kaputeni.

"Ine zandikwana ndi maso," anatero Mzime.

Dokotala anauluka yekha, poti thupi anali nalo lokwanira. Palibe amene anakumbukira kumujambula.

Pobwerera kumtunda amayi anakhala pakati pa Mzime ndi Telala, akufotokozera Kaputeni mmene nyanja imaonekera kumwamba, ngati kuti iye anali asanamvepo. Anati anaona kamba wam'madzi wamkulu ngati beseni, ndiponso denga la hotela limene likufunika penti. Potsika m'boti anatsamira paphewa la Telala. Achemwali, amene ankadikira pamchenga ndi kapu ya juwisi, anaona zimenezo ndipo juwisiyo anatayikira pamapazi awo.

"Kodi kumwambako kwachitika zotani?" ananong'ona.

"Musandifunse, achemwali. Ndikuopa kuti ndikalankhula ndidzuka."

Telala anatsanzika kuti akagone pang'ono, poti dziko linali likumuzungulirabe. Amayi anamuuza kuti madzulo abwere adzadye nawo patebulo lawo, ndipo asachedwe. Mzime anamuperekeza mpaka pageti la hotela.

"Anakuuza chiyani?" anafunsa atangokhota pakona.

"Anandifunsa mafunso. Ambirimbiri." Anapukuta thukuta pamphumi. "Mzime, sindikukumbuka n'komwe zonse zimene ndayankha. Ndimangoona madzi pansi, ndimvekere lero ndafa, pakamwa n'kumangoyenda pokha."

"Chilichonse chimene wanena, wanena bwino." Anayang'ana uku ndi uku, n'kumupsompsona patsaya mofulumira. "Pita ukagone, ngwazi yanga yolira mayo."

* * *

Masana amenewo Mzime anawapeza amayi m'chipinda chawo atakhala pabedi, miyendo ili pamtsamiro, akudzola mafuta m'maondo. Anawalanda botolo n'kuyamba kuwasisita yekha. Kwa nthawi yoyamba paulendo wonsewo, mumtima mwake munali bata.

"Wamantha ngati nkhuku," anayamba amayi okha, akumwetulira. "Titangonyamuka anatsinzina, milomo ikunjenjemera. Ndinati, 'Tsegula maso, mnyamata iwe, wawononga tikiti kuti udzaone mdima?' Anatsegula. Ndinamufunsa kuti, 'Nanga ngati umaopa chonchi, wakwereranji?' Akuti, 'Mayi, ndimaopa kumwamba, koma ndimaopa kwambiri kutaya mwana wanu.'"

"Anatero?"

"Ndinamuuza kuti mawu okoma ndinawamva ambiri, ena olembedwa ndi anyamata a sukulu ndipo ndinkawachonga ndi cholembera chofiira. Ndiye ndinayamba kumufunsa bwinobwino. Za makolo ake, za shopu, ngati amamwa, ngati anamenyapo mkazi. Iwe, ine ndakhala ndi ana a anthu moyo wanga wonse, wonama ndimamudziwa asanamalize chiganizo. Uyu kumwamba kuja analibe mphamvu zonamira. Amayankha ndisanamalize kufunsa."

Anayang'ana zala zawo.

"Kenako kunabwera chimphepo, chinatigwedeza koopsa. Pamenepo nanenso mtima unachoka, ndisakunamize. Ukudziwa chimene anachita? Munthu woti akunjenjemera thupi lonse, anasiya lamba wake n'kundigwira ine. Akuti, 'Musaope mayi, ndakugwirani.' Ndani akugwira mnzake pamenepo? Koma anandigwira. Bambo ako anali otero. Ankaopa agalu kuposa ine, koma galu akauwa ankaima kutsogolo kwanga, miyendo ikugundana."

Misozi ya Mzime inadonthera pabondo la amayi ake, n'kusakanikirana ndi mafuta.

"Ndiye mwamulola, amayi?"

"Ndamulola. Adokotala apeza wina, mano ndi ambiri m'dziko muno."

Mzime anawakumbatira mwamphamvu mpaka iwo anadandaula kuti awathyola nthiti. Anaseka, analira, anasekanso. Ankafuna kuthamangira kukhonde kukauza achemwali, woperekera zakudya, Kaputeni, aliyense. Anatenga foni kuti amulembere Telala, koma amayi anamugwira dzanja.

"Dikira. Iweyo ndiye ndili nawe mlandu."

"Ine?"

"Iwe. Mwana wanga weniweni kundibisira nkhani yaikulu chonchi, mpaka ndikaimve kwa mlendo m'malere? Unkaganiza kuti ndine chilombo? Ine ndalera ana a eni ake osawerengeka. Mwana salakwa kanthu."

Mzime anawayang'ana. "Mwana?"

"Usandipusitse. Kamtsikana kake kaja, kamene kamakhala ndi agogo ake. Akuti chaka chino kayamba sukulu, ndipo yunifolomu anakasokera yekha. Mmene amakakamba, nkhope yonse kuwala, mantha kuiwala. Pamenepo m'pamene ndinati uyu ndi bambo. Mwamuna wina akanabisa mpaka ukwati utachitika." Anamusisita patsaya. "Tikabwerera mubwere nako kunyumba ndidzakaone. Bwanji sunandiuze?"

Kunja mafunde ankamenya mchenga monga mwa masiku onse. Telala anali asanamuuzepo Mzime za mwana aliyense. Amayi ankamuyang'ana mwachikondi, akudikira yankho, nkhope imene anailirira nthawi yonseyi itawongoka bwinobwino.

"Ndinkaopa kuti mukwiya, amayi," anatero, ndipo anadabwa kuti mawu ake anatuluka osanjenjemera.

"Chitsiru cha mwana," anatero amayi mokoma mtima, n'kutseka maso kuti agone.

Mzime anatuluka pakhonde n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Pafoni panali uthenga umene unali utangolowa: "Ndadzuka, dziko lasiya kuzungulira. Ndivale malaya ati madzulo ano, oyera kapena abuluu aja umawakonda?"

Anauwerenga kawiri. Kenako analemba kuti, "Amayi akulola. Mwana wako dzina lake ndani?"

Uthengawo unapita, ndipo unawerengedwa nthawi yomweyo. Foni inaonetsa kuti Telala akulemba. Anasiya. Anayambanso kulemba, n'kusiyanso.